Linga la Bothwell: theka la nsanja linapita kuti, nanga bwanji osalimanganso?

NdirandeMuGlasgow
Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Loweruka lapitali ndinatenga apongozi anga aamuna, amene abwera kudzationa kuchokera kumudzi, n'kupita nawo ku Blantyre wa kuno ku Scotland kuti akaone nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813. Titamaliza kumeneko tinawoloka mtsinje wa Clyde pa kamlatho ka anthu oyenda pansi, ndipo tinatsata njira ya m'mitengo, yamatope ndithu, mpaka tinatulukira pa linga lakale la Bothwell. Ine ndinkaganiza kuti akuluwo achita chidwi, koma iwo anaima chilili, n'kuyang'ana makoma ofiira aja kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako anati, "Kodi mwana wanga, matope onsewa tapondera kudzaona bwinja?" Atatero anandifunsa mafunso awiri amene ndinasowa poyankhira. Loyamba linali lakuti, nsanja yaikulu yozungulira ija inadulidwa bwanji pakati ngati dzungu, theka lina osaoneka, pamalo pake n'kukhala khoma lowongoka looneka kuti ndi dzanja la mmisiri wina? Lachiwiri linali lakuti, ngati dziko lino lili ndi chuma monga timamvera, likulephera chiyani kufolera nyumbayo ndi kuikonza kuti anthu aziona mmene inalili? Zikwangwani zofotokoza zinalipo, koma mvula inatithamangitsa tisanawerenge bwino. Akuluwa abwerera kumudzi sabata yamawa, ndipo sindikufuna kuti akakwere ndege akuganiza kuti mkamwini wawo ndi mbuli.

ChimangaChaDzinja
Apongozi anuwo sananame. Limenelo ndi bwinja, ndipo kwathu bwinja timalilambalala, sitilipira ndalama kuti tikalione.

MphunzitsiWopuma
Bambo a NdirandeMuGlasgow, funso loyamba la apongozi anu ndi limene lanyamula mbiri yonse ya malowo, choncho anaona bwino kuposa alendo ambiri amene amangojambula zithunzi n'kumapita. Theka la nsanjayo silinagwe ndi ukalamba kapena mphepo, ndipo sanaligwetse adani. Analigwetsa mwadala ndi mwini wake, Sir Andrew Murray, mu 1337. Kuti zimveke, ndiloleni ndiyambire kumbuyo pang'ono.

Dera la Bothwell linafika m'manja mwa Walter wa banja la Moray mu 1242, kudzera mu ubale wa ukwati ndi banja la Olifard limene linali eni malowo. Walter kapena mwana wake William, amene anthu ankamutcha kuti Wolemera, ndi amene anayamba kumanga lingalo ndi miyala yofiira ya m'deralo, pamwamba pa gombe lalitali pamene mtsinje wa Clyde wakhota. Nsanja yaikuluyo, imene akatswiri amaitchula ndi mawu achifalansa akuti donjon, ndi yaikulu pafupifupi mamita 20 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo makoma ake ndi okhuthala mamita oposa anayi. Inali ndi chitsime chakechake m'chipinda chapansi, ngalande yakeyake, ndi mlatho wonyamuka umene akaukweza munthu sakanafika pakhomo, kutanthauza kuti ngakhale mdani atalowa m'bwalo la linga, anali asanaigwire nsanjayo. Koma ntchito yonse isanathe, nkhondo inagwa. Mu 1296 mfumu Edward I ya ku England inalowa m'dziko la Scotland, ndipo Bothwell anagwa m'manja mwa Angerezi. Anthu a ku Scotland analizinga kwa miyezi 14 m'zaka za 1298 ndi 1299, ndipo chimene chinagonjetsa asilikali a m'katimo ndi njala, osati kubooka kwa khoma. Mu 1301 Edward anabweranso ndi asilikali 6,800 ndi nsanja yamatabwa yoyenda pa mawilo, imene anaipangira ku Glasgow n'kuinyamula zidutswazidutswa pa ngolo 30. Nsanja yamatabwayo anaikankhira pakhoma kuti asilikali akwere m'kati mwake n'kudumphira pamwamba pa linga, ndipo mwezi usanathe a m'katimo anagonja. Tangoyerekezani: eni dziko anavutika chaka ndi miyezi iwiri, pamene mfumu ya chuma inangotenga masabata ochepa. Pamenepo ndi pamene pagona yankho, koma ndipume kaye.

NamwinoWaUsiku
A Mphunzitsi, musatisiye m'malere. Munthu wanzeru zake angagumule bwanji nyumba ya makolo ake ndi manja ake?

MphunzitsiWopuma
Mayi, chifukwa chake chinali chakuti linga linkathandiza wobwera kuposa mwini dziko. Angerezi akagwira linga ngati limeneli ankaikamo asilikali ochepa okha, ndipo ochepawo ankalamulira dera lonse lozungulira, pamene anthu a ku Scotland analibe ndalama, zida zogumulira makoma ndi asilikali okwanira oti azilondera malinga onse kapena kuwalanda mobwerezabwereza. Mfumu Robert Bruce ya ku Scotland inaona zimenezi, ndipo inakhazikitsa njira yakuti linga lililonse limene alilanda aziliwononga kuti mdani akabweranso asapeze pobisala. Anachita zimenezi ku Roxburgh, ku Edinburgh ndi ku Stirling mu 1314, ndipo Bothwell nayenso anamuwononga chaka chomwecho. Koma sizinakwanire, chifukwa mu 1336 mfumu Edward III ya ku England inabwera, inakonzanso lingalo, ndipo inakhalamo kumapeto kwa chakacho monga likulu lake. Ndiye mu Malichi 1337 Sir Andrew Murray, amene panthawiyo ankasunga ufumu wa Scotland m'malo mwa mfumu David II yemwe anali mwana, analizinga n'kulilanda. Ameneyu anali mwana wa Andrew Moray uja anatsogolera nkhondo pamodzi ndi William Wallace pa mlatho wa Stirling mu 1297, ndipo Bothwell anali cholowa chake. Ulendo uno sanafune zoti wina adzakonzenso m'miyezi yochepa, choncho anagwetsa mbali yonse ya kumadzulo ya nsanjayo, miyala n'kukunkhulukira kumtsinje. Bwinjalo linakhala lopanda munthu zaka zoposa 20.

ChimangaChaDzinja
Kaya mufotokoze bwanji, ine ndikuona ngati kuotcha nkhokwe chifukwa cha makoswe. Chaka chotsatira munthuyo anagona kuti?

MsilikaliWakale82
Achimwene a ChimangaChaDzinja, fanizo lanulo silikugwira, chifukwa khoswe salamula mudzi wonse ali m'nkhokwe. Ine ndinakhalapo msilikali, ndipo chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira ndi chakuti malo amene sungathe kuwasunga usawasiyire mdani ali bwinobwino. Murray akanaika anthu ake m'lingamo, Angerezi akanabwera ndi gulu lalikulu, n'kuwatsekera m'katimo, ndipo asilikali amene akanathandiza kunkhondo akanafa ndi njala atakhala pansi. Mphamvu ya anthu a ku Scotland inali kuyenda mofulumira m'mapiri ndi m'nkhalango, kumenya n'kuchoka. Kunena za pogona, munthuyo anali ndi malo ena kumpoto, ndipo anamwalira ku Avoch mu 1338, chaka chimodzi chokha atagwetsa nsanjayo. Koma Bothwell sanakhalenso likulu la Angerezi, ndiye chimene ankafuna chinatheka.

ChimangaChaDzinja
Chinatheka, inde, koma ana ake analandira theka la nyumba.

MwanaWaKuLinga
Ndisanaiwale, ndikuthokoza kuti nonse mukugwiritsa ntchito mawu akuti linga, chifukwa ena akamanena za nyumba zoterezi amati nyumba yachifumu, ndipo n'kutheka kuti ndi mawu amenewa amene anasokoneza apongozi aja, n'kumayembekezera makatani ndi mipando yagolide. Ife a ku Nkhotakota dzina lakuti Linga timalidziwa bwino, chifukwa ndi mmene timatchulira pakati pa tauni yathu kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo mawuwo amanena za malo otchingidwa chifukwa cha nkhondo. Munthu ukamuuza kuti tikupita kukaona linga, amafika akufunafuna khomo, ngalande ndi poponyera mivi, ndipo sakhumudwa akapeza kuti denga kulibe.

NdirandeMuGlasgow
Mwandigwira pamenepo, chifukwa ndinawauzadi kuti tikukaona nyumba ya mafumu akale. Nanga khoma lowongoka lija anamanga ndani?

MphunzitsiWopuma
Limenelo ndi la Archibald Douglas, amene ankadziwika ndi dzina lakuti the Grim, kunena kuti munthu wa nkhope yoopsa. Mu 1362 iye anakwatira Joanna Moray, amene malowo anali m'manja mwake, ndipo anayamba kumanganso. Sanayese kubwezeretsa theka lotayika lija, koma anangotseka pogumukapo ndi khoma lowongoka kuti mbali yotsalayo igwirenso ntchito, ndipo n'chifukwa chake mukuona manja awiri osiyana pa nsanja imodzi. Iye ndi mwana wake ndi amene anamanga zambiri zimene munaona m'bwalomo, monga holo yaikulu ya kum'mawa yokhala pamwamba pa zipinda zosungiramo katundu, kachisi wopempherera pambali pake, ndi nsanja yozungulira ya pangodya ya kum'mwera chakum'mawa. Mukadzapitanso mudzayang'ane pamutu pa nsanja imeneyo, pamene pali miyala yotulukira kunja yokhala ndi mipata pakati pake, yoti asilikali aziponyerapo zinthu pa adani amene afika patsinde pa khoma. Banja la Douglas linakula mphamvu mpaka mafumu anayamba kuliopa. Mfumu James II inapha William Douglas ndi dzanja lake ku Stirling mu 1452, ndipo mu 1455 banjalo linalandidwa malo ake, Bothwell n'kupita m'manja mwa mfumu.

NamwinoWaUsiku
Ndiye kuti Archibald ameneyu anali mkamwini, anapita kukamanga kwawo kwa mkazi. Uzani apongozi anu zimenezo, a NdirandeMuGlasgow, mwina adzalikonda bwinjalo.

MwanaWaKuLinga
Mkamwini wake ndi wachilendo, achemwali, chifukwa kwathu mkamwini amamanga nyumba koma dothi limakhalabe la mbumba, ndipo zikavuta amanyamula mkeka wake n'kubwerera kwawo. Uyu anakwatira n'kutenga dothi lomwe, moti patapita zaka zochepa malowo ankatchedwa a banja la Douglas, dzina la Moray osamvekanso. Komabe n'zochititsa chidwi kuti kawiri konse, mu 1242 ndi mu 1362, malowa anasintha eni kudzera kuchikazi osati pa nkhondo, pamene nkhondo zonse zija zinangosiya mabala pakhoma.

KambaWaPaisley
Ine ndinamva kuti mfumukazi Mary ya ku Scotland inakwatiwa ndi mwini linga limeneli, ndiponso kuti pali njira yapansi pa mtsinje yotulukira ku nyumba ya ansembe ya tsidya lina. Kodi zimenezi n'zoona?

MphunzitsiWopuma
Zonse ziwiri zili ndi poyambira, koma sizili monga mwamvera. Mary anakwatiwadi mu Meyi 1567 ndi James Hepburn, amene udindo wake unali Earl wa ku Bothwell (Earl ndi dzina laulemu la akuluakulu a dziko), koma munthuyo anali ndi dzina lokha, lingalo silinali lake. Banja la Hepburn linapatsidwa malowa mu 1488, ndipo mu 1492 linasinthanitsa ndi nthambi ina ya banja la Douglas, ya Earl wa ku Angus, n'kutenga linga la Hermitage la kufupi ndi malire a England. Dzina la udindo linatsala kwa a Hepburn pamene miyala inapita kwa a Douglas. Kunena za nyumba ya ansembe, mabwinja ake ochepa alipodi tsidya lina la Clyde, mbali ya Blantyre, ndipo inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1200. Koma njira yapansi pa mtsinjeyo ndi nthano chabe, yofanana ndi zimene zimakambidwa pa mabwinja ambiri kuno.

Pali nkhani ina yoona imene imaposa nthanoyo. Angerezi atagonja pa nkhondo ya Bannockburn mu Juni 1314, akuluakulu awo ena, kuphatikizapo Humphrey de Bohun, Earl wa ku Hereford, anathawira ku Bothwell poganiza kuti afika pabwino. Woyang'anira lingalo, Walter FitzGilbert, anawatsegulira chipata, kenako ataona kumene mphepo yalowera anawapereka kwa anthu a Bruce. Earl uja anamusinthanitsa ndi akaidi amene Angerezi ankasunga kuyambira 1306, omwe ndi Elizabeth mkazi wa Robert Bruce, mwana wa Bruce yemweyo Marjorie, mlongo wake Christina, ndi bishopu wa ku Glasgow Robert Wishart, amene anabwerako maso atachita khungu. FitzGilbert anapatsidwa dera la Cadzow, ndipo ndi kholo la banja lotchuka la Hamilton, limene tauni yoyandikana nayo inatengera dzina. Christina yemweyo ndi amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Andrew Murray wogwetsa nsanja uja.

MsilikaliWakale82
Kunkhondo munthu wotero timamutcha dzina lina, koma ndikuona kuti mbiri inamuchitira chifundo chifukwa anasankha mbali yopambana.

MmisiriWaNjerwa
Funso lachiwiri la akuluwo lasiyidwa, ndipo ndilo la ntchito yanga, chifukwa ndakhala ndikugwira njerwa ndi miyala zaka zoposa makumi awiri, kwathu ndi kuno komwe. Ndinapita ku Bothwell chaka chatha, ndipo ndinakhala nthawi yaitali pakhomo la nsanja yaikulu ndikuyang'ana kasemedwe ka miyala. Miyala ya mbali yakaleyo inasemedwa mosalala ndipo inakhalitsana bwino moti mpata wa matope ndi wochepa kwambiri, pamene khoma lowongoka lija ndi la miyala yosasemedwa bwino, ntchito yooneka kuti ankafuna ithe msanga. Mkati mwa nsanjayo zipinda sizinali zozungulira monga kunja, zinali za mbali zisanu ndi zitatu, ndipo mmisiri aliyense akudziwa kuti kulumikiza ziwirizi pa khoma limodzi si masewera.

Tsono amene akuti amangenso ndiwafunse kuti, amange linga liti? Mukatuluka kunja chakumpoto, paudzu pali maziko a chipata chachikulu cha nsanja ziwiri ndi a nsanja zina, amene anayalidwa m'zaka za m'ma 1200 koma makoma ake sanakwere, chifukwa nkhondo inapeza ntchito ili pakati. Ndiye linga limene a Moray ankalifuna silinakhalepo lathunthu ngakhale tsiku limodzi. Mukati mumange la a Douglas, ndiye kuti theka la nsanja likhalabe kulibe. Mukati mubwezeretse nsanja yonse, ndiye kuti mugumule khoma la Archibald limene lakhala zaka zoposa 600. Chilichonse chimene mungasankhe, mufafaniza china, ndipo pamene palibe umboni wa mmene zenera kapena denga linalili, mmisiri azingopeka. Chinanso n'chakuti mwala wofiirawo ndi wamchenga, wofewa, ndipo umamwa madzi. Akale ankamangira laimu, amene amalola chinyontho kutuluka. Mukaikapo simenti yathu ino, madzi amatsekeredwa m'mwala, kukazizira amaundana n'kuusweka, ndipo pakapita zaka mumapeza simenti ili chiimire pamene mwala wadyeka. N'chifukwa chake ntchito imene imachitika pa malo otere ndi yoletsa kuti chotsalacho chisagwe, monga kumata mipata ndi laimu, kuzula zomera pamwamba pa makoma ndi kuona miyala imene yayamba kugwedera.

ChimangaChaDzinja
A Mmisiri, mwalankhula zomveka, koma alendo ambiri si amisiri. Mwana akafika pamenepo amangoona makoma ndi mbalame. Atafolera holo yokhayo n'kuikamo matebulo, anthu akanabwera ambiri ndipo ndalama zosamalira malowo zikanapezeka.

MmisiriWaNjerwa
Malinga ofoleredwa alipo kale, achimwene, ndipo amene akufuna matebulo apite ku Stirling kumene holo yaikulu anaikonza n'kuifolera. Ku Bothwell chimene munthu amapitira ndi bala lija, ndipo mukalimata mwachotsa chifukwa chopitirako.

WaKuMbare
Ine ndikulemba kuchokera ku Harare, kumene agogo athu anabwera kudzagwira ntchito kalekale, ndipo ku Scotland sindinafikeko, koma nkhani ya kukonza mabwinja ndikuimva bwino chifukwa cha Great Zimbabwe, kufupi ndi Masvingo. Pamene amisiri ankasema miyala ya Bothwell, kunonso anthu anali kumanga makoma a miyala, ndipo awa ankangosanja popanda matope alionse, mpaka khoma la mpanda waukulu linafika mamita 11 pena ndi pena. Chimene chinawononga kwambiri malo amenewa si mvula, koma anthu amene anabwera akuti akukonza. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowo kuyambira 1902, anakumba n'kutaya dothi lambiri limene linali ndi mapale, mikanda ndi zina zosonyeza mmene eni ake ankakhalira, chifukwa iye ankakhulupirira kuti omanga ake sanali anthu akuda. Ena pambuyo pake anamanganso zipata zina molakwika, ndipo akatswiri a masiku ano akhala akuvutika kusiyanitsa dzanja la makolo ndi la okonzawo. Choncho ndikugwirizana ndi a MmisiriWaNjerwa kuti wokonza wopupuluma amaononga kuposa nyengo.

NamwinoWaUsiku
Mwandikumbutsa nyumba ya agogo anga kumudzi, ya njerwa zootcha, imene inali yoyamba kukhala ndi malata m'mudzi monse. Agogo atamwalira, amalume anayamba ndi kuchotsa malata, kenako mafelemu a zitseko, ndipo chaka china titapita tinapeza njerwa zatha, zamangira khola la nkhumba. Lero ndikafuna kuonetsa ana anga pamene ndinabadwira, ndimangowalozera mtengo wa mango ndi kachulu ka zidutswa za njerwa. Khoma limodzi lokha likanatsala ndikanathokoza, ngakhale lopanda denga.

MphunzitsiWopuma
Mayi, zimene anachita amalume anuzo zinachitikanso ku Bothwell, ndipo wochitayo anali mwini malo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, Archibald Douglas wina, Earl woyamba wa ku Forfar, anaona kuti kukhala m'linga n'kwachikale, ndipo anamanga nyumba yamakono chapafupi. Miyala yomangira anaitenga pogumula nsanja ya kumpoto chakum'mawa ya lingalo, n'chifukwa chake pangodya imeneyo pali tsinde lokha. Chodabwitsa n'chakuti nyumba yatsopano ya pamalopo ndi imene inayamba kutha, chifukwa migodi ya malasha imene inakumbidwa pansi pa deralo inachititsa nthaka kutitimira, ndipo nyumbayo anaigwetsa mu 1926. Linga lakale linaperekedwa m'manja mwa boma mu 1935, ndipo masiku ano limasamalidwa ndi bungwe la Historic Environment Scotland. Ndiye munthu akayima m'bwalomo ayenera kusiyanitsa mipata itatu. Pali chimene sichinamangidwe n'komwe, chimene chili m'maziko a paudzu aja, pali chimene chinagwetsedwa chifukwa cha nkhondo, ndipo pali chimene chinazulidwa ndi munthu wofuna miyala yaulere. Kwa ine chachitatuchi ndiye chopweteka, chifukwa Murray anali ndi chifukwa, pamene uyu anangoona kuti kukaswa miyala kwina n'kutaya ndalama.

KambaWaPaisley
Ndiye Livingstone ali mnyamata ankaliona lingali lili bwinja kale?

MphunzitsiWopuma
Inde, linali bwinja kale kwa zaka zoposa zana. Iye anayamba ntchito mu fakitale ya thonje ya ku Blantyre ali ndi zaka 10, ndipo fakitaleyo inali m'mphepete mwa mtsinje womwewo, mtunda wochepa kuchokera pa lingalo. Mishoni ya Blantyre ya kwathu inakhazikitsidwa mu 1876 n'kutchedwa dzina la mudzi umenewu, choncho apongozi aja, ngati ndi a mumzinda wa Blantyre, anayenda pakati pa malo amene anapatsa mzinda wawo dzina ndi linga limene linalipo zaka zoposa 500 Livingstone asanabadwe.

MsilikaliWakale82
Ndiwonjezere za ulendo weniweniwo kwa amene akufuna kupitako ndi akuluakulu. Njira ya m'mphepete mwa mtsinje imene anadzera a NdirandeMuGlasgow ndi yokongola koma imaterera mvula ikagwa, ndipo ili ndi zitunda. Kuchokera ku Glasgow Central mungakwere sitima mpaka ku Uddingston n'kuyenda pansi kuchokera pamenepo, kapena kupita pagalimoto mpaka pafupi ndi lingalo. Komabe ndikulangiza kuti amene miyendo ikuwalola atsikire kumtsinje n'kuyang'ana m'mwamba, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu amamvetsa chifukwa chake anasankha malo amenewo. Gombe ndi lalitali ndi lotsetsereka moti mdani sakanayesa n'komwe kudzera mbali imeneyo. Muyambe mwaona masiku ndi nthawi zotsegulira musananyamuke, chifukwa zimasintha malinga ndi nyengo, ndipo nthawi zina mbali zina amazitchinga akamayendera makoma.

ChimangaChaDzinja
Chabwino, ndavomera kuti ndidzapitako, koma ndidzanyamula ambulera popeza mwakana kufolera.

NdirandeMuGlasgow
Ndikuthokozani nonse. Dzulo madzulo ndinawawerengera apongozi anga zonse zimene mwalemba, ndipo lero m'mawa iwo eni anapempha kuti tipitenso, ulendo uno pagalimoto. Tinayambira paudzu pa maziko aja, ndipo anayenda pamwamba pake akuwerenga mapazi, n'kunena kuti amenewa akuwadziwa bwino, chifukwa ku Machinjiri kuli maziko ambiri otere a anthu amene ndalama zinawathera nyumba ili pa windo. Titafika pa nsanja yaikulu anapaka chala pamwala, n'kuona kamchenga kofiira katatsalira pachalapo, ndipo anati mmisiri uja wanena zoona za simenti. Anaima nthawi yaitali pamene khoma lowongoka lakumana ndi lozungulira. Za Murray anati akumumvetsa, chifukwa agogo awo ankasimba kuti m'nthawi ya nkhondo za Angoni anthu ankasiya midzi yawo n'kuthawira m'mapiri, ndipo palibe amene ankafuna kusiyira adani chakudya. Koma a Earl wa ku Forfar sanawakhululukire, ndipo anawatchula mawu amene sindingawalembe pano. Pa nkhani ya denga sanasunthe ngakhale pang'ono, ali mbali ya a ChimangaChaDzinja, ndipo akuti nyumba yopanda denga ndi chitonzo kwa mwini wake, kaya ikhale ya zaka zingati. Atsala ndi masiku anayi, ndipo afunsa ngati mkamwini Archibald uja anasiya chilichonse chimene sichinagwe.

MphunzitsiWopuma
Anasiya, ndipo chili pafupi. Apititseni ku tchalitchi cha Bothwell, pamsewu waukulu wa m'mudzimo, ndipo mukazungulire mbali ya kum'mawa, chifukwa mbali inayo ndi ya m'zaka za m'ma 1800. Mbali ya kum'mawayo anaimanga ndi Archibald yemweyo mu 1398, ndipo atamwalira mu 1400 anamuika m'menemo. Denga lake ndi la miyala yosemedwa yosanjikizana, yokhala pamwamba pa chipupa chokhota cha miyala, popanda mtengo kapena lata, ndipo anthu akupempherabe pansi pake. Muwauze ayang'ane m'mwamba asanalowe.